Kalambulabwalo wa Filimu Yoopsa

Mphindi imodzi ndi theka,
ndi yokhayo Fumbani wandipatsa.
"Uwaopseze," wati, "koma chinthucho asachione.
Mphika usavundukuke, kungotuluka fungo."
Wandisiyira malamulo asanu
olembedwa kuseri kwa lisiti la ku Taifa,
nakwera kabaza, chifunga n'kumumeza.

Loyamba: yamba ndi bata.
Ili ndamvera.
Mzuzu m'mawa safuna zodzoladzola,
mitengo ya ku Kaning'ina imaima ngati anamfedwa,
kamvula kowaza kosadziwa kuleka.
Ndaika Dokiso akutsetsereka ku Masasa,
chigubu m'manja,
juzi ya achimwene ake yolekeza m'mawondo.

Lachiwiri: chitseko chilire.
Tinazungulira Chiputula yense kusaka chitseko cholira,
zonse zinali zaulemu.
Tinakachipeza kuchimbudzi cha kupulayimale.
Ili ndamveranso,
ndipo oonera sadzadziwa
chomwe chawaimitsa tsitsi.

Lachitatu: magetsi azime, mtsikana akuwe.
Apa ndaseka ndekhandekha.
Kuno ku Chibavi magetsi akazima amakuwa ndani?
Timangoti "apita," n'kupapasa machesi.
Mdima ndi mnansi wathu,
amalowa osaodira, timamudziwa ndi mayendedwe.
Ndiye ndalitembenuza ngati malaya.

Nyumba ija ya ku Luwinga,
yomwe akuba anasolola mawaya kalekale,
mita anazula, pakhoma panangotsala chipsera.
Dokiso ali mkati ndi kandulo,
akusenda mbatatesi, mtima uli m'malo.
Kenako babu liyaka.

Lokha.

Sakuwa ayi.
Angoleka kusenda,
akweza maso pang'onopang'ono,
nati, "Mwachedwatu lero."

Lachinayi: ng'oma igunde, anthu adumphe m'mipando.
Ng'omayo ndaichotsa.
M'malo mwake ndasiya masekondi asanu ndi awiri
a mpeni utagona m'mbale,
khoko la mbatatesi likulendewera,
popanda chochitika.
Wodikira mbama amazunzika
kuposa amene yamutera kale.

Lachisanu: mawu amabesi a bambo anene tsiku loonetsa.
Fumbani anali atapangana kale ndi mlaliki wa ku Katawa,
wa kukhosi konga mgolo.
Ine ndajambula Tumpale, mwana wa mlongo wanga,
wa sitandade thu, wa mano awiri oguluka,
akuwerenga mogomagoma
ngati akuitana mayina m'kaundula
ndipo lako ndi lotsatira.

Zatsala ndi zing'onozing'ono,
kudula apa, kulumikiza apo,
zala zauma ndi chisanu cha Juni,
tiyi wazizirira m'kapu.
Ndavala mahedifoni kuti ndimvetsere komaliza.

Chakumapeto, babu litangoyaka,
Dokiso asanatsegule pakamwa,
pali wina akutsokomola.
Chifuwa cha munthu wamkulu,
chonyowa, chapafupi ndi maikolofoni,
cha munthu wokhala pansi
wodikira kuti mumalize zanuzo.

Tsiku lija tinali atatu:
ine pa kamera, Fumbani pakhomo, Dokiso pampando.
Panalibe wachimfine.
Ndabwereza kasanu.
Kachisanu ndi chimodzi sindinayerekeze.

Ndatembenuza lisiti,
kumaso kwake kuli mitengo ya mabatire ndi selotepi.
Za wotsokomola palibe lamulo.
Ndamusiya momwemo,
sindinamukweze, sindinamutsitse.
Pa mndandanda wa osewera
ndasiya mzere umodzi wosalembapo.

Foni yanjenjemera patebulo.
Fumbani: "Watsatira malamulo?"
Ndayankha: "Awiri. Ndi lija la mphika."
"Nanga chinthucho sichikuoneka?"
"Sichikuoneka."

Laputopu yatsala ndi kamzere kofiira.
Kunja Chibavi yense ali bii,
agalu a ku Mchengautuwa akupatsirana uthenga,
madontho akugwa m'ndowa mosathamanga.
Ndadzuka kawiri kukagwira switchi pakhoma
kuti nditsimikize kuti ndi yozimitsa.

Chibadwireni sindinapempherepo chotere:
ndakhala pansi pa babu langa,
bulangete kumutu,
kupempha kuti magetsi
asabwere usiku uno.