Khutu Lakumanzere

Mayeso a khutu ndinakhoza kuposa onse.
Ndinalemba kuti mpita wake ndi wokhota,
khungu lake lopyapyala ngati khoko la anyezi,
kuti phula si litsiro, ndi mlonda wa pachipata,
wowawasa pang'ono kuti tizilombo tisamange msasa.
Zonsezo ndinaloweza timahedifoni tili tsekee m'makutu,
m'sitima ya mumsewu yochokera ku Raml,
thukuta la Ogasiti likutsikira m'khosi.

Lachitatu Dokotala Wagdy anati,
lero odwala ndinu, pimanani nokhanokha.
Hossam anayatsa katochi koonera m'khutu,
manja ali njenjenje,
nakoka khutu langa m'mwamba ndi kumbuyo
monga mwa buku.
Ndinakuwa. Njiwa zinabalalika pazenera.

Nermeen, muno mwatupa, mwafiira ngati tsabola.
Kalasi yonse inafola kudzasuzumira.
Anthu khumi ndi asanu ndi anayi
anaona zomwe ine mwini sindingazione.

Dokotala sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu:
umasambira?
Inde, Lachisanu lililonse, ku Anfushi.
Ukavuuka umapukuta bwanji?
Ndinakhala chete.
M'thumba la gauni langa loyera
timitengo ta thonje tinali kundibaya ntchafu.

Kutokosa kumakoma, tisanamizane.
Kuyabwa kumaitana, chala chimayankha,
thonje limapala mlonda uja n'kumutaya m'bini,
madzi a m'nyanja amalowa, napeza pakhomo pali pululu.
Ndinkadziwa.
Kudziwa kunali m'mutu, dzanja silinauzidwe.

Masiku asanu ndi awiri ndinagona chammbali,
madontho atatu, ozizira, akuyenda pang'onopang'ono
ngati mlendo wosadziwa njira.
Mzinda wa Alexandria ndinkaumva theka:
hutala za kumanja,
wogulitsa nyemba wa kumanja,
mayi anga akundiitana kumanzere, ine osatembenuka.
Ngakhale kutafuna buledi kunkapweteka.

Mwezi wotsatira kuchipatala kunabwera Ramez,
wa zaka khumi ndi chimodzi, mwana wa msodzi,
katswiri wodumphira m'madzi kuchokera pamiyala ya padoko.
Dzanja linali pakhutu, mafinya pakolala.
Bambo ake anati ayesa mafuta otentha,
ayesa mutu wa machesi.

Ndinatenthetsa nsonga ya katochi m'chikhatho changa,
pakuti ndikudziwa kuzizira kwake.
Ndinamuuza kuti, zipweteka pano, ndiwerenga mpaka katatu.
Ukachira, ukamavuuka uzipendeketsa mutu,
madzi atuluke okha,
upukute kunja kokha ndi nsonga ya thaulo.
M'katimo musalowe machesi, kiyi, chipanera, ngakhale chala chako.

Anandiyang'ana ndi diso limodzi.
Inu munayamba mwadwalapo?

Hossam anatsokomola kuseri kwa faelo.

Ndinamulozera khutu langa lakumanzere.
Ili, ndinatero.
Linamva nkhwangwa ili m'mutu.

Madzulo ndikuvula gauni,
kamtengo kamodzi kanagwa pamsoko wa thumba.
Khutu linayabwa pomwepo, ngati lakazindikira.
Ndinakhalira manja anga onse awiri
mpaka kuyabwako kunatopa.