Chipale Chisanagwe

Pachipata ndalipira matikiti awiri.
Mtsikana wa pawindo sanadzutse ndi mutu womwe.
Sadziwa kuti wokhala m'chikukuyu, bulangete pamaondo,
analowa muno zaka makumi anayi osalipira kanthu,
kudzera khomo la kuseri, kusanache,
chingwe paphewa, mpunga wa nkhomaliro m'kansalu.

Novembala wafika ku Kanazawa.
Mitengo ya mapulo yayaka psuu m'mbali mwa dziwe
ngati wina waiyatsa n'kuthawa.
Masamba achikasu agona panjira,
awasiya dala osasesa kuti alendo ajambule.
Matayala akulira pa timiyala, tswa, tswa,
ine ndikukankha, thukuta m'khosi ngakhale kukuzizira.

"Bambo, taonani nsomba zija."
Zii.
Chichokereni m'mawa anditchula mayina atatu:
la mlongo wawo, la malemu mayi,
ndi la nesi wobwera Lachiwiri.
Langa, Chizuru, linayoyoka kale.
Ndilo linayamba kugwa.

Tadutsa ulalo wa mwala umodzi,
nyali ya mwala yomera ndere kumutu,
ana a sukulu akuwerenga abakha
n'kumasemphana chiwerengero,
mwamuna ndi mkazi wake akukangana monong'ona
za amene waiwala ambulera m'basi.

Kenako mtengo waukulu wa paini.
Amuna asanu ovala zabuluu aimika mlongoti
kupitirira nsonga yake.
Mnyamata wakwera pamwamba, miyendo yapiringiza mlongotiwo,
akuponya zingwe chimodzichimodzi, waa,
anzake akuwakha, akumangirira nthambi iliyonse
kuti chipale chikadzagwa, cholemera ndi madzi,
isadzathyoke.

Apa bambo agwira tayala.
Chikuku njii.

"Chathina," atero.
"Chachitatu icho kuchokera kumadzi.
Nthambi sakoka, mwana iwe, amangoigwiriziza."
Mawu ndi aang'ono, mphepo yawatayira m'dziwe.
Mnyamata sanamve.
Koma pabulangete zala zawo zayamba:
kupinda, kulowetsa, kukoka pang'ono,
kusiya mpata wa chala chimodzi.
Zala zomwe batani la malaya linazikanika,
zomwe zimataya supuni,
zamanga mfundo popanda chingwe
n'kumanganso ina.

Mayi wina wosesa waima, tsache la nsungwi m'manja.
Wayang'ana nkhope, sanaizindikire.
Wayang'ana manja.
"A Kuramoto?"
Wawerama mpaka chipewa kugwa.
Bambo amuyang'ana ngati mlendo wofunsa njira,
koma amugwira mkono: "Kamuuze. Chachitatu."
Mayiyo watsamiritsa tsache pamwala, wapita.
Ndaona mutu wa kapitawo ukutembenuka,
ndaona chingwe chimodzi pa zingwe mazana chikupuma,
nthambi ikutsika
ngati phewa la munthu wotula katundu.

Sindidziwa ngati chinathinadi.
Mwina angochita ulemu.

Koma ndaganiza za loko amene ndinaika pachitseko kunyumba,
za machesi ndi mipeni zomwe ndinabisa pamwamba pa kabati,
za lamba amene ndawamanga m'chiuno m'mawa
kuti asagwe.
Ndagwada ngati wokonza bulangete,
ndamumasulako bowo limodzi.

Takhala pamenepo mpaka tiyi wa m'botolo wazizira,
mpaka mtengo wonse wavala zingwe zake
n'kuima ngati ambulera wopanda nsalu,
dzuwa likudutsa pakati.

Belu lotsekera lalira.
Potuluka, tsamba lofiira lamatirira kutayala,
likukwera, likutsika, likukwera,
mpaka pokwerera basi.

"Mawa tilawirire," atero bambo,
"kwatsala mitengo isanu ndi umodzi."
"Chabwino."
Andiyang'ana nthawi yaitali.
"Ndiwe watsopano?"
"Eya."
"Uzolowera."