Chitenje Chofiira Padenga

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndikupalasa makina osokera pakhonde pano ku Chibanja,
maso pansalu, khutu kubwalo la ndege
lomwe latalikirana nafe ndi waya basi.
Kandege kakatera, mwa apo ndi apo,
ana amathamangira kumpanda,
ine phazi limaima lokha, ulusi uli m'kamwa.

Chaka chino a Fwasani alandira penshoni.
Nkhani anaiyamba usiku wina mu Juni,
chifunga chitameza nyali za ku Katoto.
Akuti, NyaMsiska, tisanaumbitse njerwa,
abale a ku Ekwendeni asanamve fungo,
tiyeni tikaone dziko la eni.
Osati kumaliro, osati kuchipatala, osati kukaoda.
Kungopita,
kukakhala pansi ku Zanzibar,
wina n'kumatifunsa chomwe tikufuna kumwa.

Ndinaseka mpaka singano inandibaya.

M'mawa mwake tinagula kope la masamu.
Tsamba loyamba, pasipoti:
maulendo anayi pakabaza, kubwerako ndi fumbi m'nsidze,
chithunzi chake ndikuoneka ngati ndaba mbuzi.
Tsamba lachiwiri, kakhadi kachikasu ka katemera,
mkono unatupa masiku atatu, makina ali duu.
Lachitatu, madola.
Kubanki akuti bwerani mawa,
mawa lakelo lamera imvi tikuliyembekezera.
Mnyamata wa padepoti ali nawo mu sokosi
koma mtengo wake a Fwasani anavula chipewa
n'kudzipepesa nacho kuli kozizira.

Lachisanu ndinavala nsapato za kutchalitchi
n'kuzungulira mpanda kukafunsa za matikiti.
Mlonda, bambo Mwakasungula, anandipatsa mpando
asanandipatse yankho.
Amayi, tindege mumationati n'tobwereka,
ta alendo opita ku Nyika ndi mabwana a changu.
Yotuluka m'dziko mukaipeza ku Lumbadzi.
Mukwere basi ya usiku,
Chikangawa, Jenda, Kasungu, kucha muli komweko.

Ndinathokoza. Ulemu sugula.
Koma pobwerera nsapato zinayamba kuluma.

Inu simungamvetse.
Ine ndimafuna kutseka chitseko changa,
sutikesi pamutu, mphindi zisanu wapansi,
n'kunyamuka pompano, pamaso pa onse:
NyaUhango amene amati telala amathera pa Taifa,
ana a sukulu onditenga yunifolomu pangongole.
Ndimafuna kuona denga langa kuchokera kumwamba,
lata lija lodontha pamutu pa bedi,
ndidziwe kukula kwa malo amene ndakalambirapo.

A Fwasani sanatsutse.
Anabwereka mapu kwa mdzukulu, anatenga rula,
nsonga ina pa Lilongwe, ina kunyanja ya mchere.
Taonani, akutero, njira yake ikudutsa pa Mzuzu penipeni.
Ndinawaona akupendeketsa rula pang'ono.
Munthu wosoka sanamizidwa pa mzere,
koma ndinangoti, eya, ikudutsadi.

Tsiku talemba ndi pensulo, la mu Okutobala,
likhoza kufufutika, madola akadali theka.
Ndasoka kale malaya awiri a maluwa,
awo akuti sangavale, koma ayesa kawiri pagalasi.
Nkhuku tisiyira NyaUhango yemweyo,
aziwerenga yekha masiku amene tachoka.

Ndipo madzulo ake, basi isananyamuke,
ndidzatuma mnyamata akwere pamakwerero
ayale chitenje changa chofiira padenga,
njerwa pangodya zonse zinayi.
Ndauza kale mwana wogula matikiti pafoni
kuti mpando wanga ukhale wa pawindo, kumanzere.
Kukakhala mitambo, ikhale.
Ndidzaloza ndithu pansi, chala pagalasi,
ndidzati a Fwasani, si apo kwathu?
Iwo adzavala magalasi awo pang'onopang'ono
n'kunena kuti ee, ndachiona.