Khadi la Buluu

Mtsikana wa pa banki ku Braamfontein,
zikhadabo zopaka utoto wa nthudza,
anayala makhadi awiri pa desiki:
"Sankhani, bambo Malijani.
La buluuli limaunjika mapointi a ndege,
lotuwali limakubwezerani kangachepe
pa randi iliyonse imene mwagulira kanthu."
Pemiti yanga inali ya miyezi itatu yokha
ndipo mumzinda uno munthu anali asanandiuzepo
kuti sankhani.

Ndinaloza la buluu.
M'mutu mwanga matayala anali atagunda kale pa Chileka,
ine ndikutsika makwerero, jekete paphewa,
mapazi osatupa,
malaya osanunkha dizilo wa pa Beitbridge.

Ndaziona, mlongo wanga woluka tsitsi ku Rosettenville,
anatenga lotuwa.
Anati, "Achimwene, fodya wako ndi wa pamphuno,
wa pachala ngwa mphepo.
Mapointiwo mungathire mumphika?"
Mwezi ukatha amakatapa timarandi take,
makumi anayi, pena makumi atatu ndi zisanu,
n'kuponya m'chitini cha khofi
kuseri kwa mawigi.
Ndinkamuseka. Ndalama ya tomato imeneyo!

Zaka ziwiri ndinapala khadi langa ngati fosholo.
Buledi, khadi. Magetsi, khadi.
Nsapato zimene sindinkazifuna, khadi,
poti sabata imeneyo mapointi anali owirikiza.
Usiku ndikaweruka ku khitchini ya hotela,
zala zikununkha anyezi,
ndinkatsegula foni m'teksi ya pa Bree
kuwerenga ziweto zanga zosaoneka:
zikwi makumi anayi ndi chimodzi,
zonenepa, zosadya msipu,
zosalira.

Kenaka Tinenenji anaimba.
"Ababa, ndamaliza unamwino.
Mwambo uli pa khumi ndi chisanu Disembala. Mubwera?"

Ndinaimbira a banki nditaimirira.
Anandiyimbira kanyimbo mphindi makumi awiri,
kenaka mawu aulemu kwambiri anati
mipando ya mapointi ya Disembala inatha mu Ogasiti,
kuti ikanakhalapo ndikanaperewera zikwi zisanu ndi zinayi,
kuti msonkho wa pabwalo umalipiridwa ndi ndalama zenizeni,
ndipo, pepani bambo,
mapointi anu oyambirira afa mu Januwale.
Sindinkadziwa kuti nawo amafa.

Ndaziona sananene kanthu.
Ndi zimene zinandipweteka.
Anangokhuthula chitini pa mpando wa makasitomala,
tsitsi la eni ake litamatirira ku mapepala,
nawerenga kawiri, akunyowetsa chala.
Tikiti ya basi yopita yokha inakwana,
panatsala ya madzi ndi mazira owiritsa.

Park Station, mbandakucha,
zikwama za mizeremizere zaunjikana ngati zulu.
Ndinakhala pa mpando wa pamwamba pa tayala.
Pa Nyamapanda, pamzere wodinditsa,
ndinatulutsa masitetimenti ndi cholembera
n'kuphatikiza chiwongoladzanja cha zaka ziwiri.
Ndinabwereza. Ndinaseka ndekha
mpaka mayi wa patsogolo anakokera mwana wake pafupi.
Ndege ija ndinali nditaigula kale,
kungoti anakwera ndi ena.

Tikuoloka mlatho wa Tete
kachinthu koyera kanadutsa kumwamba
kakukoka ulusi wake wa utsi.
Ndinakayang'ana mpaka khosi linawawa.

Tinenenji anavala zoyera.
Sanafunse kuti ndadzera mlengalenga kapena pansi.
Anangoti, "Ababa, mapazi atupa,
khalani apa ndikuoneni,"
nandigwira akakolo ndi manja odziwa ntchito.

Ndabwerera ku Joni, ngongole ya Ndaziona ndikubweza pang'onopang'ono.
Mapointi otsala ndinagulira ketulo,
ndiyo ikulira apoyi.
Ndagula chitini changa, chikadali ndi khofi.
Koma khadi la buluu lili m'chikwama,
kuseri kwa pemiti,
ndipo dzulo ku golosale,
pogula sopo ndi machesi,
dzanja linapita lokha.
Mapointi khumi ndi awiri.
Ndinawerenga.