Maondo a Bambo

Kuseri kwa msika wa Kapata, pansi pa mtengo wa mkesha,
bambo anga, a Yelesani Thole, amamata machubu a njinga.
Amanyonyomala, zidendene m'mwamba,
beseni la madzi akuda pakati pa miyendo,
kudikira kuti thovu liulule pamene munga unalowera.
Anyamata a njinga za hayala amaseka:
mdala, tikugulireni kampando?
Sadziwa kuti kunyonyomala komweku
kunalipira lendi ku Joni zaka khumi ndi chimodzi.

Bezibolo.
Mpaka lero amayi lilime limawakana akati atchule.
Anabwera nayo mphunzitsi wina wachilendo
m'thumba la magolovesi onunkha nkhungu.
Aliyense anathamangira chibonga,
aliyense anafuna kumenya, kuti atsikana aone.
Bambo anafika mochedwa, matope a kudimba ali m'miyendo,
napeza chotsala chimodzi pa udzu:
chigoba cha mawaya.
Anachivala. Anthu anayamba kuiwala nkhope yawo tsiku lomwelo.

Amati pabwalo lonse wowakha yekha ndiye amayang'ana kwina.
Anzake asanu ndi atatu maso ali kwa iye,
iye maso ali kwa onse,
ngati mayi pakhomo wowerenga ana madzulo.
Chibonga chimadutsa pamphuno ngati basi ya ku Lundazi,
iwe osaphethira.
Chala chimodzi pakati pa ntchafu: ponya wa moto.
Zala ziwiri: ukhote ngati msewu wa pa Kacholola.
Woponya akapukusa mutu, umamunyengerera ndi zala zomwezo,
pakuti woponya ndi mwana wa mfumu,
sauzidwa pagulu.

Tili ndi chithunzi chimodzi cha m'nyuzipepala.
Pakati pali mzungu wamtali, manja m'mwamba, mano onse panja.
Pakona, chakumunsi, pali msana
ndi nambala yodulidwa theka.
Msanawo ndi wathu.

Zala zawo zinapindika ngati chinangwa cha pamiyala.
Akaloza ku Katete, chala chimapita ku Mwami.
M'mwezi wa Juni maondo amalira ngati chitseko cha tchalitchi,
ine ndimawathowa ndi madzi otentha ndi mchere,
iwo n'kumawerenga mayina a anthu amene sindidzawaona:
uyu ankaopa mpira wa m'kati,
uyu ankanyambita milomo asanathamange,
uyu ndinamugwira pakhomo, fumbi kobo,
anandithyola nthiti ziwiri koma mpira sunagwe.
Apa amaseka mpaka kutsokomola.

Anabwerako ndi sutikesi, wailesi, ndi bondo lotupa.
Kalata yowachotsa inali ya mizere itatu.
Ndalama zinathera malata, fizi yanga,
ndi maliro a amalume ku Mtenguleni.
Ku Chipata palibe anafunsa kuti munawina zingati.
Anafunsa kuti mwatibweretsera chiyani.

Dzulo kamnyamata ka ku Mchini kanagenda mango,
mwala unaphonya, unalunjika pamutu pa mayi wogulitsa tomato.
Bambo sanadzuke, sanatembenuke n'komwe.
Dzanja lamanzere linangotuluka lokha m'beseni,
phaa!
Kenaka anauika pansi mwalawo pang'onopang'ono
ngati dzira,
nabwerera kukafuna thovu lawo.
Mayiyo sanadziwe kanthu, anapitiriza kuitana malonda.
Ntchito yake ndi yotero, anatero bambo osandiyang'ana,
ukaigwira bwino, palibe amadziwa kuti unalipo.

Golovesi lija likadalipo, pamwamba pa kabati.
Ankalipaka mafuta odzola Loweruka lililonse
amayi akudandaula za mtengo wa botolo.
Chaka chatha nkhuku yathu yamawangamawanga inalipeza,
inaikiramo mazira asanu ndi awiri.
Ndinatenga tsache kuti ndiipirikitse.
Bambo anandigwira mkono ndi zala zokhota zija.
Isiye, anatero, yasankha bwino.
M'menemo simunagwepo kanthu.