Mtengo wa Papepala

Anatiitanira ku Tete mwezi wa Okutobala,
ife a ku Ulongwe, ozolowera juzi ngakhale masana.
Tinatsika mapiri m'shapa, mawondo pachibwano,
pofika ku Moatize fumbi la malasha lili m'mano,
malaya atamatira kumsana.

M'chipinda cha maphunziro munali mphepo yogula.
Madzi a m'botolo, cholembera chaulere,
dzina langa pachifuwa ngati katundu wopita kutali.
Sindibisa: chimene chinatikoka ambiri ndi alawansi.

Tsiku lachiwiri mayi Lukiresiya Bandawe
anatigawira mapepala aakulu ngati mphasa.
Jambulani vuto la kwanu ngati mtengo, anatero,
thunthu, mizu, nthambi.
Ine ndi Jerevaziyo wa ku Tsangano tinamaliza msanga.
Pathunthu: alimi a mbatatesi sapindula.
Kumizu: umbuli.
Tinalemba zilembo zikuluzikulu, dzanja osanjenjemera.

Iwo anaima, magalasi pamphuno.
Umbuli wa yani?
Mlimi amene munacheza naye komaliza, dzina lake ndani?
Jerevaziyo anayang'ana kudenga.
Ine ndinapisa m'zaka khumi ndi chimodzi za ntchito
ngati wofuna ndalama m'thumba lobooka.
Ndinapezamo zidindo, misonkhano, malipoti,
koma dzina ayi.

Kenaka ndinakumbukira shedi.
Tinaimanga ife, malata makumi asanu ndi limodzi,
riboni inadulidwa, nthungululu zinalira.
Tinaiika kuseri kwa bwalo la mpira poti malo analipo.
Mvula ikagwa lole siifikako.
Lero mumagona mbuzi za a Tsambalikagwa,
ndipo mu lipoti ndinalemba kuti anthu safuna kusintha.

Zambiri za sabata ija ndaiwala,
mivi ya pakhoma,
mawu a Chipwitikizi otalika ngati mlatho wa pa Zambezi.
Chinatsala ndi ichi:
funsa chifukwa, akakuyankha ufunsenso,
mpaka kasanu, ngati mwana wovuta.
Ndi china: yamba ndi chimene ungachisenze.

Lolemba sindinapite ku ofesi.
Ndinakakhala pa thumba ku msika wa ku Domwe,
pambali pa mayi Filomena Kambwiri,
amene anayamba ayang'ana nsapato zanga asanayankhe moni.
Mtengo? anaseka.
Timaudziwa, wa metikali ndi wa kwacha womwe, foni tili nayo.
Taonani thumba ili.
Wogula amabwera ndi lake, losokerera chipewa pamwamba,
limameza ndowa zisanu ndi ziwiri,
iye nalipira zisanu.
Bwanji osakana?
Mbatatesi si chimanga, mwanawe, siidikira.
Bwanji osagwirizana nonse?
Tinayesa. Lole inapita ku Biriwiri, ife tinatsala ndi zowola.
Bwanji osabwera ndi matumba anu?
Akana. Galimoto ndi yawo.
Bwanji osadzanena ku boma?
Apa anandiyang'ana nthawi yaitali.
Inu si a boma? Lero n'koyamba.

Funso lachisanu ndinalimeza.

Usiku umenewo ndinayala pepala lija pansi.
Mtengo wanga ndi mtengo wawo sizinkadziwana n'komwe.
Pomwe panali umbuli ndinafufuta mpaka kubooka,
pambali pa bowo ndinalemba: sikelo.
Imodzi, yapoyera,
woigwira asankhidwe ndi amayiwo,
ndi lamulo la pamsika la mizere itatu.
Si ndondomeko yoitanira wailesi.

Kalata ili pa desiki ya abwana, sabata yachitatu tsopano,
pansi pa kapu ya tiyi.
Jerevaziyo akuti kwawo anafunsa,
wapeza kuti muzu ndi kamlatho ka matabwa.
Ine Lachisanu lililonse ndimakwera njinga yamoto kupita ku Domwe
ndi kope la ana asukulu.
Muli mayina makumi anayi ndi atatu.

Mayi Filomena akandiona patali amafuula,
sikelo ija ili kuti?
Ndimati ikubwera.
Amati, chabwino.
Koma mbuzi za m'shedi mwanu zaswa.