Mzere Umodzi

Zidayamba ndi nkhuku za a Dafuleni ku Tembwe,
zisanu ndi ziwiri usiku umodzi,
kugwa pachisanja ngati mango akupsa.
Tidati ndi chitopa, chimadutsa chaka ndi chaka.
Ine sindidalembe kanthu.
M'kaundula wa anthu mulibe danga la nkhuku.

Lachinayi adabwera naye Yelesani pa kabaza,
mnyamata amene adazisosola.
Thupi moto, mfundo zonse kuphwanya,
chifuwa chouma ngati makoko a mtedza.
Ndidamubaya chala, ndidadontheza magazi, tidadikira.
Mzere umodzi.
Si malungo.
Mayi ake adandiyang'ana ngati ndawabisira mankhwala.

Sabata yotsatira adagona ndi mayi akewo.
Ndidadzitonthoza: nyumba imodzi, mphasa imodzi, chikho chimodzi.
Koma kenaka kudabwera mphunzitsi wa sitandade folo,
munthu wosaweta ngakhale bakha,
wosadziwa n'komwe khomo la a Dafuleni.
Pamenepo cholembera chidandizizira m'manja.
Nthenda yatuluka m'khola,
yaphunzira kuyenda pa mpweya wathu.

Ndidakwera pachulu pomwe netiweki imagwira,
ndidaimbira akuboma.
Adati werenga, lemba, tumiza Lolemba lililonse.

Ndidawerenga. Atatu. Khumi ndi mmodzi. Makumi anayi.
Tsiku la msika pa Kamwendo chifuwa chidagawidwa ulere,
chidakwera minibasi osalipira,
pachipata cha Mwami palibe adachifunsa chiphaso.
Wailesi idayamba kutchula maiko amene sindidzawaona,
onsewo akutsokomola ngati Yelesani.

M'chipinda chathu cha mankhwala mudali chiyani?
Magolovesi mabokosi awiri, panado, sopo mitanda isanu ndi umodzi,
ndi chikalata cha zoyenera kuchita mliri ukagwa,
chiswe chitadya tsamba lachitatu.
A Nasiwelo, telala wa pakhonde la golosale,
adang'amba zitenje zawo za paukwati
nasoka zophimba pakamwa,
makina akulira usiku wonse ngati nkhululu.
Sukulu idatsekedwa.
Pamaliro anthu khumi okha, osagona pasiwa.
A Dafuleni tidawaperekeza choncho,
nyimbo yake yosakwana mawu.

Mu Epulo manambala adagwa
ndipo anthu adati yapita.
Ndowa zosambira m'manja zidayamba kuyezera soya,
zophimba pakamwa ana adakulungira mpira.
Ndidayenda mudzi ndi mudzi, tcheni cha njinga chikungoguluka,
kunena kuti moto wa mankhusu suonetsa lawi,
umadya pansi.
Adandipatsa mbatata, nandiseka mwaulemu.

Juni adafika ndi chisanu chake
ndipo idabweranso,
ulendo uno ikudziwa kale makomo.
Tidagoneka anthu m'khonde, madiripi atapachikidwa pazenera.
Katemera adatipeza mu Ogasiti,
m'kabokosi kozizira kumbuyo kwa njinga yamoto,
timabotolo tochepa kuposa mikono yodikira.
Tidayamba ndi amayi oyembekezera ndi okalamba.
Ena adanditukwana.
Sindidawasungire chakukhosi, nawonso adali ndi ana.

Lero m'wodi muli zii.
Yelesani adachira, akupalasa kabaza wakewake,
amandiimbira belu tikakumana pamlatho.
Sadziwa kuti dzina lake ndilo loyamba
pa tsamba limene ndimaopa kulitsegula.

Lachisanu lililonse ndimalowa m'chipinda chija,
kuwerenga sopo, kuona masiku pamabotolo,
kuthira mankhwala a chiswe m'makona,
kuyesa ngati nambala ya akuboma ikadagwirabe.
Anzanga amati ndikuyalira mphasa mlendo amene adatsazika kale.
Ine sindidamumve akutsazika.

Ndipo kumapeto kwa kaundula,
ndi lula ya mwana wanga ndi pensulo,
ndajambula danga limene boma silidasindikize.
Pamwamba pake ndalemba mawu amodzi:
Nkhuku.